Mipando Inasowa Tili ku Manda

Mwamuna wanga atamwalira ku chipatala, ndinabwerera kunyumba n'kupeza mipando yanga ili kale panja. Ndinali nditauza munthu mmodzi yekha pa foni. Ndinatsika minibasi pa msika wa Chilenje, kuno ku Lusaka, nditanyamula bulangete lake ndi fulasiki ya tiyi amene sanamwe, ndipo nditakhota kulowa mumzere mwathu ndinaona kabati yanga itaima pansi pa mtengo wa kotapela, amene ena amati mapeyala, tebulo litagona chagada pambali pake.

Ndi mmene timachitira kuno. Pakagwa maliro katundu yense amatuluka, kuti azimayi apeze pokhala ndi pogona pansi m'nyumba, azibambo n'kukhala panja pa mipandoyo. Inenso ndinatulutsapo katundu wa anzanga kambirimbiri. Koma ukaona wako ali padzuwa, fumbi la kuseri kwa kabati likuonekera kwa aliyense wodutsa, umamva ngati akuvula pamsewu.

Amene ankalamula ntchitoyo anali mayi wa nyumba yoyandikana ndi yanga, Mbemba wa ku Luapula. Takhala moyandikana kuyambira tonse tili ndi mano okwanira mkamwa, ndipo sindinganame kuti tinali paubwenzi. Tinakanganapo za madzi ake ochapira amene amatsikira pakhomo panga. Tinakanganapo za nkhuku zanga ndi repu wake. Koposa zonse tinakangana za kotapela. Mtengowo anabzala ndi mwamuna wanga, m'bwalo mwathu, koma nthambi yobereka kwambiri inasankha kuweramira kwa iye, ndipo chaka chilichonse amathyola ngati anathirirapo ndi kapu imodzi ya madzi.

Koma iye ndi Mbemba, ine ndine wakum'mawa kwa Zambia, wa ku Katete, ndiye kuti pakati pathu pali chimbuya. Mbemba ndi munthu wakum'mawa amatonzana mmene angafunire popanda mlandu. Iwo amati ife timadya mbewa, ife timati iwo amadya anyani, ndipo timaitanana kuti mbuya. Pa maliro a wakum'mawa Abemba ndiwo amagwira ntchito, kuphika, kutunga madzi, kuseketsa olira. Chilichonse chimene mbuya wachita pa maliro sukwiya nacho. Ukakwiya anthu amaseka iweyo.

Azimayi a ku tchalitchi anandikhazika pakona ya mkati, n'kundifunda chitenje kumutu. Namfedwa salankhula, sayendayenda, amangokhala mpaka achibale a mwamuna atamumasula. Ndisanatambasule n'komwe miyendo, mbuya uja analowa.

"Ba mbuya, nyamukani. Si apa," anatero m'Chinyanja chake cha m'tauni.

Anandigwira pamkono ngati thumba la makala n'kundikokera pafupi ndi chitseko, pamene pamalowera mphepo yonse ya mwezi wa Julaye. Ndinamuyang'ana ndi diso limene amalidziwa bwino. Iye anangondiponyera bulangete pamiyendo n'kutuluka kukakalipira anthu ophika.

Achimwene anga anafika kuchokera ku Katete maliro atagona kale. Ndi aakulu kwa ine, ndipo ndi okhawo otsala m'mimba mwa mayi athu. Mpaka lero amanditchula kuti iwe, ngakhale imvi zanga zaposa zawo. Analowa akulira, ndipo kulira kwawo kunali koona, chifukwa ankagwirizana ndi mlamu wawo. Anandidutsa, n'kugwada kumanzere kwanga, n'kuyamba kundinong'oneza mawu ambirimbiri. Khutu langa lakumanzere linafa zaka zapitazo nditadwala kwambiri. Ndinkangoona ndevu zikugwedera.

Zimene ankafuna ndinazimva atatuluka, chifukwa khutu langa labwino linali kuchitseko, ndipo azibambo anakhala pafupi pomwepo.

"Mlongo wanguyu ndikumutenga," anatero achimwene. "Mwana alibe, mwamuna wapita, akhalira chiyani m'tauni? Apite kwawo. Ndipo mwatithandiza, katundu mwatulutsa kale. Pali mnzanga wabweretsa mtedza ku msika wa Soweto, lole yake ibwerera yopanda kanthu kumapeto kwa sabata. Tingokweza."

Wina anafunsa za nyumba. Iwo anati alowemo anthu ena. Wina anati nzoona, munthu akakalamba apite kwawo. Winanso anati ku midzi masiku ano kuli mijigo, madzi savuta. Anandikambirana choncho ngati mbuzi imene ikusamutsidwa khola, ine ndili apa, chitseko chokha pakati pathu, chitenje kumutu, pakamwa potseka.

Sindikufuna kuwanamizira achimwene. Sanali kufuna mipando yanga, ali nayo yawo. Kwathu mkazi akaferedwa amabwerera kwa abale ake, ndipo mlongo wake ndiye amakamutenga. Akanandisiya osanena kanthu, anthu kumudzi akanawafunsa ngati ndinawalakwira. Ndipo mawu akuti mwana alibe ndi oona, ngakhale amabaya. Ana athu awiri anagona ku manda a ku Chunga asanayambe n'komwe sukulu.

Inenso sindinganene kuti Katete sindimufuna. Mayi anga ali kumeneko pansi pa dothi. Ndikamva fungo la mapesi akupsa ndimaima ngakhale ndili pakati pa msewu wa Cairo. Koma ndinachokako ndili mtsikana, nditangokwatiwa. Ulendo womaliza umene ndinapitako anandipatsa mpando azimayi anzanga ali pamphasa, anandipakulira m'mbale yagalasi ndekha m'nyumba, ndipo ana ankasuzumira pazenera kuti aone agogo a ku Lusaka. Munda umene unali wa mayi akulima ana a msuweni wanga, ndipo ali ndi pakamwa pambiri podyetsa. Kuno ku Lusaka amanditcha amayi a ku Chipata, kumene sindinakhaleko n'komwe. Kumudzi ndine wa ku Lusaka. Zaka zonsezi aliyense wakhala akundiuza kwathu, ndipo nthawi zonse ndi kumene iye kulibe.

Masiku amenewo ndinakhala pansi paja ndikusinthasintha maganizo. M'mawa ndinkati ndipite, ndikapume, ndikafe pafupi ndi mayi. Masana ndinkayang'ana khoma limene mwamuna wanga anapaka laimu mokhota, n'kumati ayi. Panalibe amene anandifunsa, ndiye ndinalibe chifukwa chomalizira kuganiza.

Tsiku loika maliro, anthu akukwera mabasi, mbuya uja anatulukira ndi mbale ya ufa. Ndi mwambo womwewo, Abemba amapaka ufa akum'mawa kumaso ndi kumutu. Analunjika kwa achimwene, amene anavala jekete lakuda lobwereka.

"Ba chimwene, mbeba munasiya na ndani ku munzi? Zizathawa," anatero, uku akuwathira ufa kuyambira pachipumi mpaka m'matumba.

Achimwene anaseka mokakamiza. "Inu anyani munamaliza ku Luapula, ndiye mwabwera kudzatha ufa wathu."

"Ufa wa Lusaka uyu, simunalime ndimwe. Kwelani basi, muchedwesa malilo."

Mbuyayo sanakwere. Ndinamuona kudzera pazenera la basi ataima pachipata, manja m'chiuno, ndipo zinandiwawa. Mwamuna wanga anamukonzera mpope kangati, anamunyamulira mwamuna wake kupita naye ku chipatala pamene ankadwala, ndiye lero sangapite kukamuponyera dothi? Ndinasunga mawu amenewo mumtima kuti ndidzamuuze ndikadzamasulidwa.

Za ku manda sindilemba. Tinamuika pafupi ndi kumene kuli ana, ngakhale malo akale aja anadzaza ndipo pakati pawo pali kamtunda.

Titabwerako, anthu akusamba m'manja pachipata, ndinamva achimwene akufunsa mokweza kuti katundu ali kuti. Ndinakweza chitenje pang'ono. Pansi pa kotapela panalibe kanthu. Kabati, tebulo, bedi, mipando, ngakhale mbaula yanga yakale yobooka, zonse zinapita. Panatsala mabenchi a ku tchalitchi ndi mizere ya tsache, chifukwa wakubayo anasesanso.

"Atibera tili ku manda," anatero achimwene. "Lusaka ameneyu. Apolisi ali kuti kuno?"

"Musavutike na bakapokola, ba chimwene," anayankha mawu kuseri kwa mpanda. Mbuya uja anali pakhonde pake, atakhala pa mpando wa mwamuna wanga, uja wa nsalu yofiirira umene ine ndemwe sindinkakhalapo. "Ni ife bambuya tatenga. Tagwila katundu."

Anthu anayamba kuseka, ena akadali ndi misozi ya ku manda. Zinapezeka kuti pamene ife tinali ku Chunga, iye anasonkhanitsa otsala kuphika n'kumwaza katundu wanga mumzere monse. Kabati inali ku nyumba ina, tebulo ku ina, mapoto kwina. Bedi linali kwa atelala, bambo wachikulire wachisilamu amene amasoka pakhonde pake kumapeto kwa mzere. Bambo awo anachokera ku Malawi kalekale kudzagwira ntchito kuno, ndipo atelalawo amalankhula Chichewa chofatsa ngati cha m'buku.

Achimwene anadziwa kuti mbuya sakwiyiridwa, ndiye anameza mate n'kufunsa mwaulemu kuti awombole ndi chiyani, poti katundu wogwidwa pa chimbuya amawomboledwa ndi kanthu kakang'ono.

"Imwe simungaombole. Si vanu," anatero mbuya. "Mwine wake abwele eka."

"Mwini wake ndi namfedwa, salankhula."

"Tizayembekeza. Ife sitili na lole yotithamangisa."

Achimwene anatembenukira kwa atelala, amene anali ataima pambali ndi kachipewa kawo koyera. "Nanga inu bambo, mwasanduka Mbemba liti?"

"Ine sindinasanduke kanthu," anatero atelala. "Ndapemphedwa kusunga bedi, ndasunga. Chosungitsa chimabwerera kwa mwini wake. Mayiwa akati likwere lole, ndilinyamula ndekha."

Mwina wina angaganize kuti ndinakondwa. Sindinakondwe. Msana wanga unali utatha ndi simenti, ndipo ndinkawerengera kuti anthu akabalalika ndigona pabedi panga. Tsopano bedi linali kumapeto kwa mzere, zovala zanga zamkati zili m'kabati kunyumba ya anthu amene ndimangopatsana nawo moni. Achimwene anandikonzera ulendo osandifunsa. Uyunso anandikonzera kukhala osandifunsa. Onse awiri ankaoneka okhutira ndi nzeru zawo.

M'mawa mwake achibale a mwamuna wanga anakhala pansi. Alamu anga aakazi a ku Kabwata, amene ndi aakulu m'banja lawo, analankhula mwachidule. Anati ndinasamala mlongo wawo mpaka mapeto, alibe nane chifukwa, nyumba ndi yanga. Anagawa zovala za malemu, anandichotsa chitenje kumutu, n'kunena kuti ndamasuka. Achimwene anakonza kukhosi kuti ayambe nkhani yawo. Ine ndinanyamuka, mawondo akulira, n'kutuluka kupita kuseri kwa mpanda.

Ndinamupeza akutsuka mapoto, ndipo ena mwa mapotowo anali anga.

"Anakutumani ndani?" ndinamufunsa.

"Mwauka shani, ba mbuya. Mau yabwela?"

"Ndati anakutumani ndani kumwaza katundu wanga ngati wa munthu wothamangitsidwa? Ku manda simunapite. Munthu amene anakukonzerani mpope zaka zonsezi. Munandikhazika pamphepo sabata yathunthu, chifuwa ichi ndi chanu. Madzi anu mpaka lero akutsikira kwanga."

Ndinanena zambiri, zina za chaka chino, zina za kale kwambiri. Iye anapukuta manja pachitenje, nayenso n'kuyamba. Anati ndine wouma mutu ngati mwamuna wanga. Anati akanapita ku manda akanabwerako n'kupeza achimwene atamanga kale katundu ndi zingwe. Anati pakona paja anandichotsapo chifukwa khutu langa lamoyo linali kukhoma, ndipo akanandigulitsa ndili pomwepo osamva mtengo wake.

"Ngati mufuna kuyenda ku mbeba zanu, kambani chabe," anatero. "Nizakweza neka pa lole, na kotapela nizakulongelani mu saka. Koma mukambe imwe na kamwa yanu. Ine nakana kuona muntu mukulu anyamuliwa monga kabati."

Pamene ankanena zimenezi ndinazindikira kuti wasuntha. Ndinamupeza ali kumanzere kwanga, koma mkangano uli mkati anazungulira beseni n'kudzaima kumanja, osaleka kukalipa. Amachita choncho nthawi zonse. Atelala amachita choncho, azimayi a pamsika amene ndimagulako tomato amachita choncho, ngakhale makondakitala a minibasi amene amandidziwa. Mayi ameneyu anazungulira beseni kuti chipongwe chake chisatayike, chilowe chonse m'khutu labwino.

Ndinamusiya akulankhulabe. Achimwene ndinawapeza pansi pa kotapela atakhala pa njerwa, poti mabenchi anali atabwezedwa ku tchalitchi. Ndinakhala pa njerwa ina. Anayamba kulankhula, ndipo ndinawaimitsa.

"Achimwene, bwerani mbali iyi. Uko sindimva."

"Kuyambira liti?"

"Kalekale. Ndinakuuzani pa maliro a mayi."

Anakoka njerwa yawo n'kudzakhala kumanja. Ufa unali udakali m'mphepete mwa kolala yawo.

"Lole inyamuka mawa," anatero. "Uwauze anthu akowa abweze katundu."

"Sindipita."

Mawuwo anatuluka osavuta, ndipo ndinadabwa nawo ngati wanena ndi wina.

"Iwe, ukadwala adzakusamala ndani? Anthu awa si abale ako. Mbemba, Mchawa, wina sindikudziwa n'komwe mtundu wake. Lero akuseka nawe, mawa asamuka."

"Ndikudziwa kuti si abale anga. Uyo wa kuseri kwa mpandayo sindimufuna n'komwe masiku ambiri. Koma alamu anu atagona miyezi yonse ija, ndi iye ankabwera kudzandithandiza kuwatembenuza, akunditukwana kuti ndimagwira molakwika. Inu munali kutali, si mlandu wanu. Kumudzi ndikakhala mlendo wanu mpaka kufa, mukandipakulira m'mbale yagalasi. Kuno ndi kumene anthu amandikalipira."

"Ndiye kukalipiridwa ndi chinthu chokhalira?"

"Kaya. Koma ndazolowera."

Anayang'ana nyumba, anayang'ana mtengo. Anati anthu kumudzi adzati anataya mlongo wake m'tauni. Ndinati awauze kuti mlongoyo ndi wamakani, sadzatsutsa. Anafunsa kuti nanga tsiku langa likadzafika adzandinyamule bwanji ulendo wonsewo. Ndinati asadzandinyamule, adzangobwera ndi jekete loti lithiridwe ufa, andiike ku Chunga kumene kuli ana ndi bambo awo. Apo anatulutsa kansalu n'kupukuta m'maso, n'kunena kuti fumbi la Lusaka ndi loipa.

Lole inabwera m'mawa mwake, ikununkha mtedza. Inanyamula achimwene, njinga ya mlamu wawo, ndi chikhoti chimene anapatsidwa pogawa zovala. Itakhota pa msika ndinamva miyendo ikufuna kuithamangira. Ndinagwira chipata mpaka zinandipita.

Katundu anabwerera tsiku lomwelo. Atelala anabweretsa bedi ndi ana awo, n'kulimanga bwino kuposa mmene linalili, ndipo anasokanso pamene matiresi anang'ambika osandiuza. Zina zonse zinalowa molamulidwa ndi mbuya, ndiye palibe chimene chinabwerera pamalo pake. Kabati anaiimika kutsogolo kwa zenera. Chitseko chake chimodzi chinabwera chili pachokha. Ndinati tebulo limakhala uku, iye anati linkakhala molakwika zaka zonsezi. Ndinatha sabata ndikukankha zinthu ndekha.

Mpando wa mwamuna wanga sunabwere. Nditapita kukaufunsa anati katundu wa chimbuya amawomboledwa, ndipo mtengo wake ndi wakuti ndivomere pamaso pa anthu kuti nthambi ya kotapela ija ndi yake. Ndinati nthambi ilibe mwini wina koma mwini tsinde. Anati ndiye mpando ukhala, ndiponso ndi bwino ukhale kwa iye, kuti lole ya mtedza ikadzabweranso isadzapeze zonse pamalo amodzi.

Achimwene amaimba foni mwezi ndi mwezi, ndipo asanatsanzike amafunsa kuti ndibwera liti kwathu. Ndinapitako nthawi yokolola, ndinakhala masiku angapo, anandipatsa mpando ndi mbale ija. Ndinabwerako ndi thumba la mtedza, theka lake linathera kuseri kwa mpanda.

Mpandowo uli pakhonde pake mpaka lero. Iye sakhalapo, ndipo salola munthu wina kukhalapo. Ndikaufuna ndimayenera kuzungulira mpanda masana, n'kukhala pamenepo, n'kumwa tiyi wake amene amathira shuga wambiri, ndikumva za mawondo ake ndi za ana ake a ku Kitwe amene samuimbira. Anauika kumanzere kwa mpando wake, kuti khutu langa labwino likhale kwa iye. Ndinayesapo kuutembenuza tsiku lina atalowa m'nyumba. Anatuluka, anaubweza ine ndili pomwepo, n'kupitiriza nkhani pamene anailekezera.

Kotapela wayambanso kuchita maluwa, ndipo nthambi ija yadzaza kuposa zonse. Sindivomera.